Ndege zakale zankhondo: ziziulukabe kapena zipume?

Ngati mumakonda makanema a ndege pa TikTok kapena YouTube, mwakumanapo ndi kandege kakale kankhondo kakudutsa chapansipansi, injini ikubangula, khamu la anthu likukuwa ndi chimwemwe. Nthawi zambiri imeneyo imakhala Spitfire, ndege imene dziko la Britain lidamenyera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Zambiri mwa ndegezi zadutsa zaka 80, koma zikuulukabe.

Kuseri kwa makanemawa kuli mkangano. Kodi ndege zoterezi zipitirize kukwera m'mwamba, kapena zitsekeredwe m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, anthu azingodyetsa maso?

Mkanganowu udabukanso pa 25 May 2024, pamene Spitfire ya gulu la Battle of Britain Memorial Flight idagwa pafupi ndi bwalo la asilikali la Coningsby ku England, n'kupha woyendetsa wake, Mark Long. Gululi, lomwe lidayamba mu 1957, ndi la asilikali a ndege a Britain ndipo ntchito yake ndi kuulutsa ndege zakale pa miyambo ya chikumbutso. Ngoziyo itachitika ndege zake zidaimitsidwa, moti sizidaoneke pa mwambo wokumbukira zaka 80 za D-Day pa 6 June chaka chomwecho.

Amene akuti ndegezi zipume ali ndi mfundo yosavuta kumva: zatsala zochepa. Ma Spitfire opitirira 20,000 adapangidwa, koma amene angauluke lero safika 100. Ndege zoponya mabomba za Lancaster zidapangidwa 7,377, koma zouluka zatsala ziwiri basi, ina ku Coningsby komweko, ina ku Hamilton m'dziko la Canada. Ma B-17 a ku America adalipo 12,731, lero ouluka safika 10. Imodzi ikagwa, palibe fakitale yopita kukagula ina.

Komanso si zitsulo zokha zimene zimatayika. Pa 22 August 2015, ndege ya Hawker Hunter ya m'zaka za m'ma 1950 idagwera pamsewu wa A27 pa chionetsero cha ku Shoreham ku England. Anthu 11 adafa, ena mwa iwo ankangodutsa pamsewu, alibe nacho ntchito chionetserocho. Pa 12 November 2022 ku Dallas ku America, B-17 idawombana ndi ndege ina yakale, P-63, anthu akujambula pa mafoni. Onse 6 amene adali m'ndege ziwirizo adafa.

Apa munthu angafulumire kunena kuti vuto ndi ukalamba wa ndege. Koma malipoti a ofufuza akunena zina. Ku Shoreham adapeza kuti woyendetsa adayamba kutembenuza ndege m'mwamba ali pansi kwambiri komanso liwiro lili lochepa. Ku Dallas adapeza kuti padalibe dongosolo lokonzedweratu lotalikitsa ndegezo, onse ankadalira mawu a munthu mmodzi wolamula pa wailesi. Ku South Africa, ndege ya Lightning ya kampani ya Thunder City ya ku Cape Town idagwa pa chionetsero cha ku Overberg mu November 2009. Woyendetsa adalephera kudziponya kunja ndipo adafa, ndipo ofufuza adaloza chala kasamalidwe ka ndegeyo. Chaka chotsatira kampaniyo idaimitsa maulendo ake.

Mwa ngozi zitatuzi, palibe imene ofufuza adati yachitika chifukwa choti ndege yangokalamba. Kulikonse kudali munthu amene adalakwitsa kapena dongosolo limene lidalekereredwa. Ndiye chifukwa chake Shoreham itachitika, akuluakulu oona za ndege ku Britain sadatseke zionetsero. Adaletsa ndege zakale za jeti kuchita masewera otembenuka pamwamba pa mtunda, n'kukhwimitsa malamulo kwa okonza zionetsero.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu amalimbikira kuziulutsa? Okonda ndegezi amati ndege yoima m'nyumba ili ngati ng'oma yopachikidwa pakhoma. Umaiona, koma sudziwa kulira kwake. Injini ya Merlin ikalira, mwana amene sadawerengepo buku la mbiri amatukula mutu n'kufunsa mafunso. Chinanso n'chakuti ndege youluka imasunga luso. Pamafunika amakaniko odziwa injini za m'ma 1940, osula zitsulo zimene zidasiya kupangidwa kalekale, ndi oyendetsa odziwa kugwira ndege yopanda kompyuta. Ndege ikasiya kuuluka, anthu amenewa amabalalika, luso lawo n'kupita nawo.

Nkhani ya Vulcan ikuonetsa bwino zimenezi. Iyi idali ndege yaikulu yoponya mabomba ya Britain. Imodzi, yotchedwa XH558, idakonzedwa ndi ndalama zimene anthu wamba adasonkha kuphatikiza thandizo la lotale ya dzikolo, ndipo idaulukanso mu 2007. Mu October 2015 idatera komaliza. Ochemerera adalipobe ambiri, koma makampani atatu amene ankaipatsa ukatswiri, BAE Systems, Rolls-Royce ndi Marshall Aerospace, adati sangapitirize, mwa zina chifukwa akatswiri oidziwa bwino ankatha. Eni ake adamvera n'kuiimika. Umenewo ndiye ukulu: kudziwa nthawi yosiya ngozi isanakusiyitseni.

Ndalama nazo ndi nkhani. Mu 2015 Spitfire imodzi idagulitsidwa pa mapaundi 3.1 miliyoni pa malonda a Christie's ku London. Kukwera Spitfire ya mipando iwiri kwa theka la ola kumadya mapaundi pafupifupi 3,000. Ndalama za okwera ndi za matikiti a zionetsero ndi zimene zimalipira amakaniko, ndiye pali chiyeso choti ndege iuluke kawirikawiri kuti ndalama ilowe. Walira mvula walira matope. Amene akufuna kumva kulira kwa injinizi avomerezenso mtengo wa kuzisamala, ndipo oyang'anira malamulo asamachite manyazi kuimitsa aliyense wodula njira.

Wina afunsa kuti ife zikutikhudza pati. Mbiri ya ndegezi idadutsanso kuno kwathu. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland adamenya nkhondo ku Burma mu 1944, m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yoopsa, ndipo chakudya ndi zipolopolo zinkawafikira poponyedwa kuchokera m'ndege ngati Dakota. Ku Zimbabwe, Jack Malloch adakonza Spitfire n'kuiulutsanso mu 1980, koma adafa nayo pa ngozi mu March 1982. Inzake ya mtundu womwewo, imene idakhala pansi, ilipo mpaka lero kumalo osungirako zinthu zakale za asilikali ku Gweru.

Kuno ku Malawi phunziro lathu ndi lowawa mwa mtundu wina. Air Malawi idagula ndege yaikulu ya VC10 mu 1974, imene inkanyamula anthu kupita ku London. Itasiya ntchito idakhala zaka zambiri pa Chileka, dzuwa ndi mvula zikuimenya, mpaka idaphwanyidwa m'zaka za m'ma 1990. Sidagwe pa chionetsero chilichonse. Idangosowa woisamala. Lero wachinyamata angapite ku Chichiri kukaona injini za sitima zakale, koma VC10 angaione pa zithunzi zokha. Madzi akatayika saoleka.

Ndiye yankho la mkangano uja lili pakati. Mtundu wa ndege umene watsala ndi zingapo, zina ziuluke pansi pa malamulo okhwima, kutali ndi misewu ndi nyumba za anthu, popanda masewera ofuna kudabwitsa khamu. Imene yatsala yokhayokha ya mtundu wake ikhale pansi, pamthunzi, ikusamalidwa. Kwa ife, funso ndi la ndege za asilikali athu ndi za makampani athu zimene zikupuma pantchito masiku ano: alipo amene akulemba mbiri yake n'kusankha imodzi yoti isungidwe, ogula zitsulo zakutha asanafike?