Magetsi a ku Songo ayendera mawaya a uthenga

TETE — Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi m'nyanja ya Cahora Bassa, anthu a m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga anayamba kufunsa kuti amene amadziwa kuchuluka kwa madzi otsala ndi magetsi oyenera kupangidwa ndani, ndipo amadziwa bwanji. Yankho lili m'chipinda choyang'anira makina, momwe akatswiri amakhala usana ndi usiku maso ali pa makompyuta.

Damu la ku Songo linatsekedwa m'chaka cha 1974. Lili ndi makina asanu opukusa magetsi, alionse a mphamvu ya 415 MW, ndipo gawo lalikulu la magetsiwo limayenda mtunda woposa makilomita 1,400 kukafika ku Apollo, pafupi ndi Johannesburg. Malo aakulu chotere munthu sangawayendere ndi miyendo kuti aone chilichonse.

Pa madamu ndi mafakitale otere ntchito imagawika panayi. Poyamba pali tizipangizo toyezera msinkhu wa madzi, kutentha kwa makina ndi mphamvu ya magetsi. Zoyezazo zimalowa m'timabokosi totchedwa PLC, tomwe timathanso kutsegula kapena kutseka makina tikalamulidwa. Kenaka pali mawaya ndi mawailesi onyamula uthengawo kupita ku kompyuta yaikulu yosunga zonse zochitika. Pomaliza pali galasi la woyang'anira, lomwe limamuonetsa chithunzi cha makina onse ndi kuliza belu pakakhala vuto. Dongosolo lonseli akatswiri amalitcha SCADA.

Ubwino wake ngwoonekeratu. Vuto limadziwika msanga, ndipo nthawi ya dzinja oyang'anira amaona madzi akukwera asanaganize zotsegula zipata za damu. Anthu a ku Mutarara, omwe anathawa madzi osefukira m'chaka cha 2001, akudziwa kufunika kochenjezedwa nthawi ikadalipo.

Koma kuipa kwake kuliponso. Galasi limaonetsa zokhazo zimene waya wabweretsa. Waya akadulidwa, woyang'anira amasanduka wakhungu ngakhale makina ali bwinobwino. Dziko lino linaziona kale: m'nthawi ya nkhondo nsanja zambirimbiri za mzere wa ku Apollo zinagwetsedwa, ndipo magetsi anayambanso kuyenda kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Masiku ano wakuba mawaya a mkuwa ndi zitsulo za nsanja amachita zomwezo pofuna ndalama za tsiku limodzi.

Mdani wina sabwera n'chikwanje. Mu Disembala 2015, ku Ukraine, akathyali analowa m'makompyuta a makampani ogawa magetsi kudzera pa intaneti ndi kuzimitsa magetsi a mabanja ndi mabizinesi oposa 200,000, oyang'anira akungoonerera pa galasi. Magetsi anabwerera chifukwa amisiri anapita okha kumasiteshoni kukayatsa ndi manja. Phunziro lake nlakuti makompyuta oyendetsa makina asamalumikizidwe mwachisawawa ndi a muofesi, ndiponso luso la manja lisatayidwe.

Nkhaniyi ikukhudza alimi a m'malire mwachindunji. Chigayo, chipatala chosunga katemera mufiriji ndi mpope wothirira mbatata zonse zimadalira kuti uthenga ufike kwa woyang'anira. Mafumu ndi anthu okhala pafupi ndi mizere ya magetsi ndiwo amayamba kuona wodula waya, choncho kukanena msanga kuboma nkuteteza chigayo cha m'mudzi mwawo.

Kuyambira pa 27 Novembala 2007 gawo lalikulu la kampani ya Hidroeléctrica de Cahora Bassa lili m'manja mwa Moçambique. Chofunika tsopano nchakuti ana a m'chigawo cha Tete aphunzire masamu ndi zamagetsi, kuti pa mipando ya m'chipinda chija pazikhalanso ana a ku Ulónguè ndi Furancungo.