Mabuku a Malangizo Akhale Oona ndi Osasokoneza

Buku la malangizo, kaya ndi la ulimi, la zaumoyo kapena la makina, limalembedwa kuti munthu aliwerenge ndi kuchita zimene likunena. Alembi ena amati malinga mfundo zikhale zoona, kalembedwe kalibe ntchito. Ena amatha masiku akukometsa mawu pamene mfundo zake sanazifufuze. Ife tikuti onse awiriwa akulakwira owerenga.

Choyamba ndi choonadi. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kapepala kophunzitsa mayi kasungunulidwe ka Thanzi ORS kayenera kunena kuti paketi imodzi imalowa m'lita imodzi ya madzi aukhondo. Kakaphonya muyesowo, ngakhale Chichewa chake chikome motani, mwana wotsegula m'mimba ali pangozi.

Komatu mfundo zoona nazo zimasocheretsa zikalembedwa mosasamala. Hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Ngati tsamba loyamba likuwerengera feteleza pa hekitala, lachinayi pa ekala, manambala onse angakhale olondola, koma mlimi wosazindikira kusinthako adzathira feteleza wa hekitala m'munda wa ekala imodzi ndi kuwononga ndalama zake. Chimodzimodzinso mayina: amene watchedwa feteleza wokulitsa koyambirira akhale wokulitsa mpaka tsamba lomaliza, ndipo wobereketsa akhale wobereketsa.

Tisaganize kuti miyeso imasokoneza anthu osaphunzira okha. M'chaka cha 1983 ndege ya Air Canada, ya mtundu wa Boeing 767, inatha mafuta ili m'mwamba chifukwa akatswiri anawerengera mafutawo m'mapaundi m'malo mwa makilogalamu. Inakatera mwadzidzidzi ku Gimli, ndipo mwamwayi palibe anafa.

Kuno kwathu tilibe chowiringula pa kalembedwe. Bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Mu 1996 ntchitoyi inapita m'manja mwa Centre for Language Studies. Mlembi wolemba mawu amodzi m'njira zitatu m'buku limodzi sanatsegule malamulowo.

Motero tikupempha akuluakulu a m'maofesi kuti buku lililonse lidutse m'manja atatu lisanasindikizidwe. Katswiri wa ntchitoyo aone mfundo, wodziwa chilankhulo aone ngati mayina, miyeso ndi kalembedwe zikufanana, kenaka mlimi kapena mayi wa kumudzi aliwerenge ndi kufotokoza zimene wamva. Pamene iye wakhumudwa, pakonzedwe. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu aphunzitsi, zoloweretsani ana kulemba dzina la muyeso pambali pa nambala iliyonse, ndi kutchula chinthu chimodzi ndi dzina limodzi. Ana amenewa ndiwo adzalemba mabuku amene alimi ndi anamwino athu adzadalira.