Komiti ndi yabwino, koma lipoti silibweza munda

 Lero sindikamba za feteleza ayi.

Dzulo pa chitsime tinatsutsana ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Iyeyu ndi amene ananditumizira nkhani pa WhatsApp yoti ku America, chigawo cha California chinakhazikitsa komiti ya boma yoona kuti anthu asamasalidwe chifukwa cha khungu. Bwanamkubwa wa kumeneko, a Gavin Newsom, analamula zimenezi mu 2022. Mphwangayo akuti, "Amalume, zimenezi n'zongodyera ndalama, komanso za ku America zikutikhudza chani?" Ine ndinati dikira kaye mwanawe.

Choyamba, mlandu suwola. Akapolo atamasulidwa ku America mu 1865, ena analonjezedwa malo okwana maekala 40 banja lililonse. Chaka chisanathe, pulezidenti Andrew Johnson anabweza malowo kwa eni akapolo aja. Inu alimi anzanga, taganizani: mwalima munda wa mwini moyo wanu wonse osalipidwa, kenaka akuti ndinu mfulu, pitani. Mupita kuti opanda khasu, opanda munda? Umphawi wotero umatsikira kwa zidzukulu ngati mmene munda umatsikira kwa zidzukulu. Ndiye boma likati tikhale pansi tiunike, ine sindinganene kuti n'zopusa.

Chachiwiri, zikutikhudza ndithu. Agogo anga ankalima thangata, kugwira ntchito pa esiteti ya mzungu ngati lendi ya malo amene makolo awo anawapeza ali tchire. A John Chilembwe amene anakana zimenezi mu 1915 anaphunzira ku Lynchburg, ku Virginia, pa sukulu ya anthu akuda, ndipo mipingo ya anthu akuda a ku America ndi imene inkathandiza mishoni yawo ku Chiradzulu. Ululu wawo ndi wathu unadziwana kalekale.

Koma apa mphwanga ali ndi mfundo, ndimuvomere. Ifenso makomiti tawaona. Mu 1996 a Bakili Muluzi anakhazikitsa komiti yofufuza za malo, lipoti linatuluka mu 1999, malamulo atsopano a malo anadzabwera mu 2016. Pitani ku Thyolo kapena ku Mulanje lero: tiyi wangoti mbee mpaka kuphiri, munthu akulima kachigawo kosakwana kudyetsa ana mpaka Disembala. Chimene anthu amakumbukira kumeneko si lipoti ayi, ndi Kudzigulira Malo, pamene mabanja anakwera malole n'kukalandira minda ku Mangochi ndi ku Machinga. Fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Ku California komweko kunalinso komiti ina yoona za chipepeso kwa zidzukulu za akapolo. Inayamba ndi lamulo la 2020, chaka chimene wapolisi anapha George Floyd, n'kupereka lipoti mu 2023, lamasamba oposa 1,000. Mu 2024 boma la chigawocho linapepesa. Kupepesa n'kwabwino, koma ng'ombe yako ikadya chimanga changa, kwa amfumu sitithera pa "pepani". Timayeza mizere yowonongeka.

Nkhani imene inandigwira mtima ndi ya banja la Willa ndi Charles Bruce, anthu akuda amene anagula malo m'mbali mwa nyanja ku Manhattan Beach mu 1912. Mu 1924 khonsolo inayamba kuwalanda, ati tikufuna kumangapo paki, ndipo malowo anangokhala zaka zambirimbiri. Mu 2022 anabwezedwa kwa zidzukulu. Zidzukuluzo zinasankha kugulitsa, pamtengo wa pafupifupi madola 20 miliyoni. Ena anadandaula, koma ine ndikuti mwini munda ndi amene amasankha. Chilungamo n'chimenecho.

Tsono maganizo anga ndi awa. Komiti ikhalepo, pakuti cholakwa chosalembedwa anthu amachikana mawa. Koma olakwiridwawo akhale pampando, osati kungoitanidwa kudzalira n'kubwerera. Ipatsidwe tsiku lomalizira ntchito. Ndipo boma linene poyera kuti zimene yapeza lizichita liti, ndi ndalama ziti. Popanda izi, komiti ili ngati nkhokwe yomanga bwino yopanda chimanga.

Ndi pamudzi pano chimodzimodzi. Loweruka kuli msonkhano wa malire a ku dimba kwa amfumu. Amayi amasiye aja amene analandidwa dimba akayankhule okha, tisawayankhulire. Inu a m'tauni amene muli ndi mbali kumeneko, bwerani, musadzatiimbire foni zitatha.

Mphwanga, ndikudikira yankho lako.