Mwana akamazunzidwa pasukulu, musangomuuza kuti apirire

Amayi, temu ikamayamba mumathamanga usana ndi usiku kusaka fizi, yunifolomu, makope, sopo ndi kamba. Koma mwana akabwera ali khuma, n'kunena kuti anzake akuluakulu amumenya kapena amulanda shuga ndi ndalama, ambiri yankho lanu limakhala limodzi: "Pirira, sukulu ndi choncho." Yankho limeneli lapweteketsa ana ambiri, ndipo malamulo a dziko lino sagwirizana nalo.

Taganizirani zimene timazitcha masewera a ana. Mwana wa Fomu 1 amadzutsidwa pakati pa usiku kuti achape zovala za wa Fomu 4. Mtsikana amagwiridwa mabere pamzere wa phala. Mwana wachialubino kapena wachibwibwi amapatsidwa dzina lonyoza mpaka kuleka kukweza mkono m'kalasi. Zimenezi zitachitikira inu kumsika kapena kuchigayo, kodi mungati ndi masewera? Mungathamangire kwa amfumu kapena kupolisi tsiku lomwelo.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku amene boma linachita m'chaka cha 2013 anapeza kuti anyamata awiri mwa atatu alionse, ndi atsikana awiri mwa asanu alionse, anachitiridwapo nkhanza zomenyedwa asanakwanitse zaka 18. Ena mwa omenyawo anali ana anzawo. Mwana wotere kawirikawiri sanena. Mumangoona kuti m'mawa uliwonse akudandaula mutu kapena m'mimba, wayambanso kukodza pogona, sakudya, sakukhozanso bwino m'kalasi, kapena akupempha ndalama zambiri zimene sizioneka kumene zikupita.

Ena amanena kuti kuno kulibe lamulo loletsa ana asukulu kuzunzana, choncho palibe kothawira. Koma chilichonse chimene wozunza amachita chili kale ndi dzina lake m'malamulo. Kumenya munthu ndi mlandu, ndipo kumuvulaza ndi mlandu waukulu koposa. Kulanda katundu ndi kuba. Lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi limaletsa kuvutitsa munthu ndi mawu kapena machitidwe okhudza kugonana, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Lamulo la 2016 loona za intaneti limaletsa kuopseza ndi kuzunza munthu kudzera pafoni, monga pa WhatsApp kapena Facebook. Pamwamba pa zonsezi, gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza ana, ndipo kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Mpanda wa sukulu sutchinga malamulo amenewa. Amagwira ntchito m'kalasi, m'hositelo ndi panjira yopita kunyumba.

Chimene chimakumangani manja, amayi, n'chodziwika. Womenyayo ndi mwana wa mnzanu amene mumatunga naye madzi pamjigo umodzi, mwinanso muli naye m'banki m'khonde imodzi. Mumaopa kuti mukanena mumangitsa mwana wa eni ake, ndipo mudzatchedwa woipa mtima mudzi wonse. Mantha amenewa ndi omveka, koma achokera pa kusadziwa momwe lamulo limaonera ana. Mwana wosakwana zaka 10 sazengedwa mlandu. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limati mwana asatsekeredwe kundende. Milandu ya ana ili ndi makhoti akeake, ndipo yambiri ingathe kutha osafika n'kukhoti komwe: wolakwa amapepesa, amabweza zimene analanda, amalandira uphungu. Amene apalamula milandu ikuluikulu ndiwo amatumizidwa kumalo osinthira khalidwe monga ku Mpemba ku Blantyre ndi ku Chilwa ku Zomba. Choncho kunena msanga n'kumupulumutsa mwana wa mnzanuyo. Amene wazolowera kumenya anzake ali ndi zaka 14 popanda womuletsa, akadzavulaza munthu ali ndi zaka 19 adzaweruzidwa ngati wamkulu. Kuwongola mtengo m'poyamba.

Enanso amati kuzunzidwa kumalimbitsa mwana, poti nawonso anadutsa momwemo. Amene amanena zimenezi ndi amene anapulumuka. Amene anasiya sukulu ali Fomu 2, n'kukwatiwa msanga kapena kuyamba maganyu, sitiwafunsa maganizo awo.

Tsono muchite chiyani? Choyamba, mvetserani mwana mpaka amalize, osamukalipira kuti ndi wamantha, komanso osamutuma kuti akabwezere. Lembani m'kope tsiku, malo, zimene zinachitika ndi amene anaona. Ngati wavulala, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Ngati nkhaniyo ndi ya pafoni, musafufute mauthengawo.

Kenaka kaonaneni ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo musiye dandaulo lanu m'kalata, inu n'kusunga inzake. Mawu apakamwa amauluka, kalata imakhala. Funsani tsiku limene mudzamve yankho. Tenganiko mayi wa m'gulu la amayi a pasukulupo kapena wa m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi kuti akhale mboni. Sukulu ikangokhala chete, pitani kwa mlangizi wa maphunziro wa m'dera lanu kapena kuofesi ya maphunziro ya paboma. Ngati mwana wavulazidwa kwambiri kapena wagwiriridwa, musadikire komiti ndipo musalole kuti nkhaniyo ithere pansi pa mtengo ndi mbuzi kapena ndalama. Pitani kupolisi, kunthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena ku Chikwanekwane m'zipatala zimene muli malo amenewa. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo mwana angathe kuimba yekha.

Nanga wozunzayo akakhala wanu? Musathamangire kusukulu mutamanga chitenje m'chiuno kukalalatira aphunzitsi. Mwana wanu ali ndi ufulu woti amvedwe mbali yake asanalangidwe, ndipo sukulu ya boma ikamuchotsa, gawo 43 la malamulo aakulu limakupatsani ufulu wolandira zifukwa zake zolembedwa. Ufunseni ufulu umenewo. Koma mudzifunsenso kumene mwanayo waphunzira kuti nkhani imatha ndi chibakera. Nthawi zambiri ana amatengera kusukulu zimene amaona pakhomo.

Pamsonkhano wanu wotsatira, ikani nkhaniyi pamndandanda wa zokambirana. Sankhani amayi awiri akapemphe malamulo a sukulu zimene ana anu amaphunzirako, adzawawerenge pagulu. Itanani wa zachitetezo cha ana wa m'dera lanu kapena wapolisi adzayankhe mafunso anu. Gwirizanani kuti mayi aliyense wopita kukadandaula kusukulu aziperekezedwa ndi mnzake, ngakhale wodandaulidwayo atakhala mwana wa mmodzi wa inu. Mphunzitsi wamkulu angathe kunyalanyaza mayi mmodzi wobwera akulira, koma amayi asanu obwera ndi kalata m'manja amawapatsa mpando ndi kuwamvetsera.