Anamwino a ku Ntcheu pakati pa kuvomera ndi kutsutsa bungwe lowayang'anira

NTCHEU: Namwino aliyense wogwira ntchito m'boma lino, kaya ali pa chipatala chachikulu cha paboma kapena pa chipatala chaching'ono cha ku Tsangano, Kasinje ngakhale Bilira, amagwira ntchitoyo ndi chilolezo cha bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Bungweli, lomwe likulu lake lili ku Lilongwe, linapatsidwa mphamvu kudzera m'lamulo la anamwino ndi azamba la m'chaka cha 1995. Ndilo limalembetsa mayeso opezera chilolezo, limasunga kaundula wa anamwino ndi azamba, komanso limamva madandaulo okhudza kagwiridwe kawo ka ntchito.

Likapeza kuti namwino walakwa, bungweli likhoza kumuchenjeza, kumuimitsa kwa kanthawi, kapena kufufuta dzina lake m'kaundula. Wofufutidwayo sangalembedwenso ntchito ya unamwino pena paliponse m'dziko muno, ngakhale m'zipatala za mishoni monga za ku Nsipe ndi ku Mlanda. Choncho kalata yochokera ku bungweli ikafika, namwino amakhala ndi njira ziwiri: kuweramitsa mutu n'kuvomera, kapena kuimirira n'kutsutsa. Funso lomwe akuluakulu a zaumoyo ayenera kulilingalira ndi lakuti wovomerayo amavomera chifukwa chigamulo n'cholungama, kapena chifukwa kutsutsa kumafuna ndalama ndi nthawi zomwe iye alibe.

Kuyang'anira kumene namwino amakumana nako kawirikawiri si kwa milandu ayi, koma kwa maphunziro. M'chaka cha 2010 bungweli linakhazikitsa ndondomeko ya CPD, yomwe imafuna kuti namwino azionetsa umboni wakuti akupitiriza kuphunzira asanamuonjezere nthawi ya chilolezo chake. Cholinga chake palibe angachitsutse, pakuti kaperekedwe ka mankhwala a Edzi, malungo ndi chifuwa chachikulu kasintha kangapo chiyambire zaka za m'ma 2000. Chovuta ndi mtunda. Yemwe ali paboma, pamsewu wa M1, maphunziro amamupeza pakhomo. Mnzake wa kumapiri a kumalire ndi dziko la Mozambique, akachoka pa chipatala tsiku limodzi, chipinda cha amayi oyembekezera chimatsala m'manja mwa munthu mmodzi, mwinanso chopanda mzamba. Lamulo ndi limodzi, koma kulemera kwake sikufanana.

Pa milandu ya kusasamala pa ntchito ndi pomwe nkhaniyi imafika pothina, ndipo mbiri ya boma la Ntcheu ikuonetsa chifukwa chake. M'chaka cha 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa amayi. Kuno ku Ntcheu, Inkosi Kwataine inatchuka ndi malamulo a m'dera olimbikitsa amayi kukachilira ku chipatala, ndipo m'chaka cha 2012 inasankhidwa kutsogolera ntchito ya uchembere wabwino yomwe Pulezidenti Joyce Banda anakhazikitsa. Zotsatira za khama lotere zinaoneka m'dziko lonse. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2000 anapeza kuti ana 55 mwa 100 alionse ankabadwira ku chipatala, pomwe wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza ana 91. Imfa za amayi chifukwa cha uchembere zinatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo m'chaka cha 2004 kufika pa 439.

Kupambanaku kunasenzetsa anamwino katundu. Amayi omwe kale ankachilira kumudzi onse anadzera khomo limodzi, ndipo chiwerengero cha anthu m'boma lino chinapitirira 650,000 pa kalembera wa m'chaka cha 2018. Vuto lomwe kale linkachitikira kuseri kwa nyumba ya azamba, popanda wolemba, tsopano limachitikira m'chipinda chomwe chili ndi dzina la namwino pa ndandanda ya ogwira ntchito usiku.

Mwachitsanzo, mzamba akhoza kukhala yekha usiku ndi amayi atatu omwe matenda awayamba nthawi imodzi. Mmodzi ayamba kutaya magazi, ambulansi ichedwa chifukwa cha mafuta kapena msewu wa dzinja, ndipo chikalata cholembapo momwe kubereka kukuyendera chitsala ndi mipata chifukwa manja anali otanganidwa. Nkhani ikafika ku Lilongwe, chikalata cha mipatacho ndicho chimayankhula mokweza. Mafuta omwe kunalibe sasiya siginecha. Si kuti mlandu uliwonse ndi wotere: alipo anamwino omwe amalalatira odwala, ogona pa nthawi ya ntchito, ndi ena osowetsa mankhwala, ndipo mabanja oferedwa ali ndi ufulu wonse wofuna chilungamo. Lipoti la ofesi ya Ombudsman la m'chaka cha 2019, lokhudza amayi omwe anachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma, linasonyeza kuti madandaulo a odwala si nkhambakamwa. Koma lipoti lomwelo linalozanso chala ku kuperewera kwa ogwira ntchito ndi zipangizo. Ntchito ya woweruza ndi kulekanitsa ziwirizi.

Kuvomera kuli ndi phindu lake looneka. Nkhani imatha msanga, dzina limatsala m'kaundula, ndipo malipiro, omwe kawirikawiri amadyetsa banja lalikulu, sasokonekera nthawi yaitali. Kwa yemwe walakwadi, chenjezo ndi maphunziro obwereza ndi mwayi wokonza ntchito yake. Koma kuvomera n'kusayinira kuti cholakwa chinali chake. Mbiriyo imamutsatira pofuna kukwezedwa, pofuna malo a maphunziro apamwamba, ngakhalenso pofuna ntchito kunja, popeza mabungwe a m'maiko ena amafunsa kalata ya mbiri yabwino kuchokera ku bungwe la kwawo kwa namwinoyo. Ndipo chipatala chomwe chinalibe mafuta chimapitiriza monga kale, poti wolakwa wapezeka.

Kutsutsa nako kuli ndi maziko m'malamulo. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woweruzidwa mwachilungamo ndi nthambi za boma, komanso wopatsidwa zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chikukhudza ufulu wake. Bwalo lalikulu la milandu lili ndi mphamvu younikanso zigamulo za mabungwe otere. Papepala njira ndi yotseguka. Komatu loya amafuna ndalama, Lilongwe ndi ulendo, ndipo milandu ya kubwalo siidziwika tsiku lothera. Anamwino ambiri a m'zipatala za kumidzi ndi a dipuloma ya zaka zitatu, ndipo malipiro awo sangapirire mlandu wa chaka chathunthu. Apa ndi pomwe bungwe la anamwino la National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi limakhala lofunika, pakuti ndilo lingaimirire membala wake. Anamwino aonetsapo kuti akagwirizana mawu awo amamveka, monga zinachitikira mu Epulo 2020 pomwe ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ku Covid-19. Koma mlandu wa chilolezo umabwera ndi dzina la munthu mmodzi, ndipo manyazi amachititsa ambiri kuusenza mwakachetechete.

Maiko ena anakonza njira yapakati. Ku Britain, komwe anamwino ambiri a ku Malawi anapita kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Nursing and Midwifery Council likhoza kulola namwino kupitiriza ntchito motsatira mfundo zoikika, monga kukhala pansi pa womuyang'anira, kwa nthawi yosapitirira zaka zitatu, ndipo wosakhutira ali ndi masiku 28 ochitira apilo. Ku America, mabungwe ambiri opereka zilolezo ali ndi ndondomeko za anamwino omwe agwa m'vuto la mowa kapena mankhwala ozunguza bongo: wovomera amayezedwa mwadzidzidzi kwa zaka zingapo, kawirikawiri ndi ndalama za m'thumba mwake, posinthana ndi kupewa chilango chapoyera. Kumenekonso dandaulo ndi lomweli, lakuti ena amasayina chifukwa choopa kutaya chilolezo. Phunziro kwa Malawi ndi lakuti kuyang'anira kumafuna woyang'anira. Kuika namwino pansi pa wamkulu wake pa chipatala chomwe chili ndi anamwino awiri okha n'kulemba chinthu chomwe sichingachitike, ndipo kumusamutsira paboma kuti akayang'aniridwe n'kulanda mudzi wonse mzamba.

Ntcheu inaonapo kuyang'anira komwe anamwino anakulandira. M'chaka cha 2013 unduna wa zaumoyo, mothandizidwa ndi maiko a Germany ndi Norway, unayambitsa ndondomeko yopereka ndalama molingana ndi zotsatira pa uchembere m'maboma a Ntcheu, Dedza, Balaka ndi Mchinji. Oyendera ankabwera kudzaunika mabuku ndi kagwiridwe ka ntchito mosanyengerera. Kusiyana kwake kunali kwakuti zipatalazo zinkayamba zalandira zipangizo ndi kukonzedwa, ndipo muyeso unkadziwika kwa onse ntchito isanayambe. Zoterezi zikufanana ndi mfundo ya unduna pa kauniuni wa imfa za amayi, yakuti cholinga n'kupeza pomwe panaphotchoka osati munthu womunyoza.

Udindo waukulu pa nkhaniyi uli ndi akuluakulu a paboma kuposa momwe ambiri amaganizira. Chiyambire lamulo la maboma ang'onoang'ono la m'chaka cha 1998, ntchito zambiri zaumoyo zakhala zikuperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Ofesi ya mkulu wa zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Ntcheu ndiyo imasunga ndandanda ya ogwira ntchito, buku la maulendo a ambulansi, makadi a mankhwala osonyeza tsiku lomwe mankhwala oletsa kutaya magazi anatha, ndi malipoti a oyendera zipatala. Mlandu suola, ndipo ukhoza kudzuka patapita chaka, anthu ataiwala za usikuwo. Namwino woitanidwa ku Lilongwe ali ndi zikalata zimenezi m'manja angathe kusankha mozindikira ngati avomere kapena atsutse, ndipo nawo a bungwelo angathe kuona ngati usikuwo panali anamwino angati, amayi angati, ndi nthawi yomwe ambulansi inaitanidwa.