Amonke a ku Myanmar: mkanjo umodzi, njira ziwiri



Dzina la Myanmar likatchulidwa pakati pa Asilamu, chimene chimabwera m'maganizo ndi Arohingya: midzi yotenthedwa, amayi akuwoloka mtsinje wa Naf ana ali kumsana, misasa yodzaza ku Cox's Bazar m'dziko la Bangladesh. Kukwiya ndi zimenezi n'koyenera. Koma pamwamba pa mkwiyowo pakwera mawu ena amene amayenda m'mafoni mwathu, akuti Abuda onse amadana ndi Asilamu ndipo chipembedzo chawo n'chimene chinapha Arohingya. Mawu amenewa ine ndikuwakana. Mbiri ya amonke a dziko limenelo ikuonetsa kuti anthu ovala mkanjo wofanana, owerenga mabuku amodzimodzi, analowa m'ndale n'kutenga njira ziwiri zosiyana kotheratu.

Kuti timvetse mphamvu ya amonke, tiyambe ndi mbale. Ku Myanmar, kumene anthu pafupifupi 88 pa 100 alionse ndi Abuda, mmonke salima ndipo sachita malonda. M'mawa uliwonse amayenda m'misewu wopanda nsapato, mbale ili m'manja, anthu n'kumaikamo mpunga ndi ndiwo. Woperekayo amakhulupirira kuti wapindula ndi iyeyo, chifukwa kupatsa mmonke ndi ntchito yabwino imene idzamuthandiza pa moyo ulinkudza. Choncho mmonke amadziwa msanga njala ikalowa m'mudzi, poti mbale yake imabwerera yopepuka. Alinso ndi chilango chimodzi choopsa m'manja mwake. Akhoza kuvundikira mbale, kukana chopereka cha munthu, zimene zili ngati kumutsekera kunja kwa chipembedzo.

Mu August 2007 boma la asilikali linakweza mtengo wa mafuta modzidzimutsa. Mtengo wa basi ndi wa chakudya unakwera, anthu anayamba zionetsero. Kumayambiriro kwa September asilikali anamenya amonke m'tauni ya Pakokku. Amonke anapempha boma kuti lipepese, boma silinapepese, ndipo iwo anavundikira mbale zawo kwa asilikali ndi mabanja awo. Amonke zikwizikwi anayenda m'misewu ya Yangon akulakatula mawu ofunira zabwino zamoyo zonse, anthu wamba atagwirana manja m'mbali kuwateteza. Kuyambira pa 26 September asilikali anawombera anthu, kuthyola nyumba za amonke usiku ndi kumanga ambiri. Nthumwi ya bungwe la United Nations inati anthu osachepera 31 anaphedwa. Mmodzi wa atsogoleri a zionetserozo, U Gambira, anagamulidwa kukhala m'ndende zaka zoposa 60, ngakhale anatulutsidwa mu 2012. Apa chipembedzo chinalowa m'ndale chifukwa cha mphika wa munthu wosauka, ndipo chinayang'anizana ndi mfuti chilibe ngakhale ndodo.

Patangopita zaka zochepa, mikanjo yomweyo inaonekanso m'misewu ndi uthenga wina. Mmonke wa ku Mandalay, Ashin Wirathu, amene anamangidwa mu 2003 chifukwa cholimbikitsa ziwawa kwa Asilamu, anatulutsidwa mu 2012. Gulu la 969 limene iye ankalitsogolera linkauza Abuda kuti asagule m'sitolo ya Msilamu ndipo asakwatitse mwana kwa Msilamu, ati Asilamu akuchulukana kuti alande dziko. Komatu Asilamu m'dziko lonselo sakwana 5 pa 100 alionse. Mu 2012 ziwawa za m'chigawo cha Rakhine zinasamutsa anthu pafupifupi 140,000, ambiri mwa iwo Arohingya. Mu March 2013 anthu oposa 40 anaphedwa m'tauni ya Meiktila. Kenaka panabadwa bungwe la Ma Ba Tha, limene linakakamiza nyumba ya malamulo mpaka mu 2015 inavomereza malamulo anayi otchedwa oteteza mtundu ndi chipembedzo. Ena mwa malamulowo amavutitsa munthu wofuna kusintha chipembedzo komanso mkazi wachibuda wofuna kukwatiwa ndi mwamuna wa chipembedzo china.

Zimene zinachitika mu 2017 zinapeza nthaka yolimidwa kale. Lamulo la 1982 linali litalanda Arohingya unzika kalekale. Pa 25 August gulu la zida la ARSA linaukira malo a apolisi, ndipo asilikali anayankha potentha midzi, kupha ndi kugwirira. Anthu oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh. Mu November 2019 dziko la Gambia linasumira Myanmar ku khoti la International Court of Justice ku The Hague pa mlandu wofuna kufafaniza mtundu wa anthu.

Wina anganene kuti umboni ndi umenewu, nanga ukukaniranji? Ndisachepetse mlandu. Amonke amene anafesa chidani sanali awiri kapena atatu. Ngakhale Sitagu Sayadaw, mmodzi wa amonke olemekezeka kwambiri m'dzikolo, mu 2017 analalikira kwa asilikali nkhani yakale ya ku Sri Lanka imene anthu ambiri anaimva ngati ikupeputsa tchimo lopha munthu amene si Mbuda. Ambirinso anangokhala chete. Mlandu umenewu ndi wolemera ndipo uli pamutu pawo.

Koma tifunse kuti chimene chinkawayendetsa n'chiyani. Lamulo loyamba mwa malamulo asanu amene Mbuda aliyense amalonjeza ndi kusapha chamoyo. Wirathu sankaphunzitsa zimenezi. Iye ankalalikira mantha, akuti mtundu watha, akazi athu atengedwa, dziko lapita. Ndipo mantha oterewa anapindulira asilikali, amene ankafuna kuti anthu aiwale amene anawawombera mu 2007 n'kuyamba kuloza chala mnansi wogulitsa nsalu. Mapeto ake akutiuza zambiri. Asilikali atalanda boma pa 1 February 2021 anatulutsa Wirathu m'ndende chaka chomwecho, ndipo mu January 2023 anamupatsa ulemu wa boma. Uyu anafuna kuti mfuti iteteze chipembedzo chake, mapeto ake anakhala wantchito wa mwini mfuti.

Tisaiwalenso amene anatenga njira ina moto uli mkati. Pa ziwawa za ku Meiktila, mmonke U Withudda anatsegula nyumba ya amonke n'kubisamo Asilamu mazanamazana, gulu lolusa lili pachipata, iye n'kukana kuwapereka. Ku Lashio chaka chomwecho nyumba ina ya amonke inasunganso Asilamu amene anathawa kwawo. Mu 2017 komiti yaikulu yoyang'anira amonke inaletsa Wirathu kulalikira kwa chaka chimodzi ndipo inalamula kuti Ma Ba Tha ichotse zikwangwani zake. Chaka chomwecho Dalai Lama, mtsogoleri wa Abuda a ku Tibet, ananena poyera kuti Buddha akanathandiza Arohingya. Tikati Abuda onse ndi amodzi, U Withudda tamuika m'thumba limodzi ndi anthu amene anafuna kuthyola chipata chake. Mwambi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola umagwira ntchito pamsika wa nsomba. Poweruza anthu umatipangitsa kunama.

Palinso mwambi wina umene anthu a ku Myanmar auphunzira ndi misozi: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chilandireni boma mu 2021, asilikali omwe aja anatentha midzi ya Arohingya akhala akutentha midzi ya Abuda m'chigawo cha Sagaing ndi kuponya mabomba ngakhale pa nyumba za amonke. Achinyamata ena ochita zionetsero ananyamula zikwangwani zopepesa kwa Arohingya, ndipo mu June 2021 boma la otsutsa asilikali linalonjeza kuthetsa lamulo la 1982. Kupepesako kwachedwa, ndipo sikunabwezeretse anthu a m'misasa ya ku Bangladesh kwawo. Komabe kukuonetsa kuti mitima ya anthu imatha kutembenuka.

Funso loti chipembedzo chilowe m'ndale kapena ayi, amonke a ku Myanmar analiyankha kalekale polowamo. Chotsala n'kuona kuti mtsogoleri wa chipembedzo waima ndi yani. Wina amaika moyo wake pachiswe chifukwa cha wanjala ndi wothamangitsidwa. Wina amauza gulu lalikulu kuti liziopa gulu laling'ono. Muyezo umenewu umagwira pa mkanjo uliwonse.

Inu ophunzira, ife Asilamu tikudziwa ululu wake munthu akaona zigawenga pa wailesi ya kanema n'kunena kuti Chisilamu ndi chimenecho. Surat Al-Maidah ndime 8 imatiletsa kuti chidani chathu pa anthu ena chitichotse pa chilungamo. Choncho uthenga wa Arohingya ukafika pafoni yanu, apempherereni dua, ndipo polankhula tchulani olakwa ndi maina awo: akuluakulu a asilikali, Wirathu, Ma Ba Tha. Mukatchula amenewa, mutchulenso mmonke amene anaima pachipata ku Meiktila.