NDEMANGA: Chitsononkho nacho n'chuma, koma mlimi achenjere

M'mawa uliwonse matumba a makala amalowa mumzinda wa Tete pa njinga ndi pa malole, ndipo thumba lililonse ndi mtengo wa tsanya umene wagwa. Pomwepo ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, anthu akatha kutonola chimanga, zitsononkho amasonkhera moto, zina zimangowola kuseri kwa nkhokwe. Chigawo chikutha mitengo chikutaya chinthu chimene maiko ena amapangira ndalama.

Chitsononkho akachiphika ndi nthunzi ndi asidi chimatulutsa madzi otchedwa furfural. Kampani ya Quaker Oats ya ku America idayamba kupanga madziwa m'chaka cha 1922 kuchokera ku makoko a mbewu ya oats. Lero dziko la China ndilo limapanga ochuluka, makamaka kuchokera ku zitsononkho, pamene ku Sezela m'dziko la South Africa amawapanga ndi zotsalira za nzimbe. Ambiri mwa madziwa amawasandutsa mankhwala ena omatira mchenga wa zikombole zoumbira zitsulo.

Kuti kusandutsako kutheke pamafunika chofulumizitsa, chimene akatswiri amati katalisiti. Mayi aliyense wophika thobwa ntchitoyi amaidziwa: phala silitsekemera popanda chimera. M'mafakitale chimera chake ndi chitsulo. Zitsulo zimene zimagwira bwino, monga platinum ndi palladium, n'zodula koopsa. China chotsika mtengo chimene akhala akugwiritsa ntchito chili ndi chromium, amene amaipitsa nthaka ndi madzi akatayidwa. N'chifukwa chake akatswiri akuyesa mkuwa, nickel, cobalt ndi chitsulo wamba, atazimwaza tizidutswa tosaoneka ndi maso pamwamba pa makala okonzedwa mwapadera. Makalawa ali ndi timabowo tosawerengeka mokhala tizitsuloto, ndipo sasungunuka m'madzi otentha. Chachikulu n'chakuti angathe kuotchedwa kuchokera ku zitsononkho zomwezo kapena makoko a mtedza, popanda kugwetsa mtengo.

Koma apa mlimi asathamange. Zambiri mwa izi zikadali m'zipinda zoyesera, chifukwa zitsulo zotsika mtengozi zimafooka msanga ndipo zina zimakokoloka pamakalapo. Anthu sanaiwale za jatropha. Pulezidenti Armando Guebuza adalimbikitsa alimi kubzala mtengowu kuti upereke mafuta a galimoto, ndipo m'chaka cha 2009 boma lidakhazikitsa ndondomeko ya mafuta ochokera ku zomera. Makampani ambiri adagwa pasanapite zaka zambiri, alimi n'kutsala ndi mitengo yopanda wogula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kusiyana kwake n'kwakuti chitsononkho sichilanda munda wa chakudya, pakuti chimabwera chimanga chitalowa kale m'nkhokwe. Tsono wina akafika m'mudzi ndi nkhani yogula zotsalira za m'munda, mafumu ndi mabungwe a alimi amufunse mtengo wake, kumene akupita nazo, ndi pepala la chilolezo cha boma. Malo asaperekedwe chifukwa cha lonjezo la fakitale imene palibe waiona. Mapesi nawo asalowe m'malondawo, chifukwa ndiwo chakudya cha ng'ombe m'chilimwe ndi chofunda cha nthaka. Wogulitsa mapesi wagulitsa zokolola za chaka chamawa.

Ntchito ina ili m'manja mwa masukulu. Mumzinda wa Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete, ndipo ku Ulónguè kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Zambeze. Fakitale ya furfural n'njakutali, koma kuotcha makala abwino kuchokera ku zitsononkho n'kotheka chaka chino, ndipo ophunzira angathe kukaphunzitsa m'midzi. Makala otere angaphikire nsima m'tauni lero, mitengo ya tsanya n'kupuma, ndipo luso lomwelo ndilo poyambira pa makala apadera aja. Malasha a ku Moatize amachoka pa sitima osaphula kanthu kwa mlimi wa m'malire. Chitsononkho chisadzachoke chimodzimodzi.